Mmene galu analowera pabalaza la Mngelezi

Pa 28 June 1838 mtsikana wa zaka 19 anavekedwa chisoti chaufumu m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London. Mwambo unatenga maola asanu ndipo sunayende bwino kwenikweni. Bishopu wamkulu anakakamiza mphete pa chala cholakwika, moti Mfumukazi Victoria anavutika kuivula. Atafika ku Buckingham Palace anamva galu akuuwa m'kati, ndipo anafulumira kuvula mikanjo yolemera ija kuti akasambitse Dash. Anasimba nkhaniyi ndi Charles Robert Leslie, katswiri amene anajambula chithunzi cha mwambowo.

Dash kanali kagalu ka makutu aatali olendewera, ka mtundu wa King Charles spaniel. Kanalowa m'nyumba ya amayi ake a Victoria mu 1833, ndipo mtsikanayo, amene anakula wopanda anzake osewera nawo, anakakonda koopsa. Ankakaveka jekete lofiira ndi buluku labuluu. Pa Khirisimasi anakapatsa mipira ya labala ndi timakeke. Katafa mu 1840 kanaikidwa m'manda ku Windsor, pamwamba n'kuikapo mwala wa nsangalabwi wotamanda khalidwe lake.

Munthu wokulira kumene galu amagona pakhonde n'kumadikira mkute akhoza kupukusa mutu pomva zimenezi. Angelezi ambiri a nthawiyo akanapukusa naye limodzi, chifukwa kwa iwonso galu anali wantchito. Ankaweta nkhosa, ankapita ku uzimba, ankagwira makoswe m'nkhokwe, ankakoka tingolo ta ogulitsa nsomba ndi buledi. Koma pofika 1901, pamene Victoria ankamwalira, galu wa ku Britain anali atapeza mpando pabalaza, ali ndi chakudya chake chogula m'sitolo, zionetsero zake ndi manda ake. Chimene chinamutsegulira chitseko ndi timakhalidwe take toseketsa: kupempha ataimika miyendo yakutsogolo, kupendeketsa mutu, kugwetsa nkhope ngati wafedwa.

Timakhalidweti sitinayambe ndi Victoria. Mu 1570 dokotala wina wa ku Cambridge, John Caius, analemba kabuku ka m'Chilatini kofotokoza mitundu ya agalu a ku Britain. Pamwamba anaika agalu a alenje, pansi penipeni n'kuikapo agalu osadziwika mtundu. M'gulu lapansili munali agalu ovina, amene eni ake ankayenda nawo m'misika: ankavina potsatira ng'oma kapena zeze, kuima chilili ndi miyendo iwiri, kuzungulira ataluma mchira wawo, ndi kupempha chakudya. M'gulu lomwelo munalinso galu wa kukhitchini, amene moyo wake unali womvetsa chisoni. Anali wa miyendo ifupiifupi ndi thupi lalitali, ndipo ankamutsekera m'gudumu lathabwa lokhomedwa pakhoma. Iye akamathamanga m'katimo, tcheni ankazunguza chitsulo chimene anabayapo nyama yootcha pamoto. Nyama yaikulu inkatenga maola angapo kuti ipse, choncho m'nyumba zikuluzikulu ankasunga agalu awiri olandizana. Anthu akale ankasimba kuti agaluwa ankadziwa tsiku lawo, ndipo ena akaona wophika akukoleza moto ankazemba n'kukabisala. Lamlungu ena ankatengedwa kutchalitchi kuti azifunditsa mapazi a eni ake. Makina atabwera, mtunduwu unatha wonse. Mmodzi woumikidwa, dzina lake Whiskey, ali m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Abergavenny, ku Wales.

Tiagalu tosangalatsa tokha tinalipo, koma tinali ta kunyumba yachifumu ndi akazi a anthu olemera, ndipo anthu ankatinyoza. Samuel Pepys, wolemba zochitika za tsiku ndi tsiku, anadandaula mu 1667 kuti Mfumu Charles II inkasewera ndi galu wake nduna zili pakati pa zokambirana za dziko. John Evelyn naye analemba kuti mfumuyo inkalola agalu kuswera m'chipinda chake chogona mpaka nyumba yonse kununkha.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha malamulo, mizinda ndi ndalama. Mu 1835 nyumba ya malamulo inaletsa masewera olumitsa ng'ombe yamphongo kwa agalu, amene anali chisangalalo cha anthu wamba kwa zaka mazanamazana. Mu 1839 inaletsa kukoketsa ngolo agalu mu London, ndipo mu 1854 lamulolo linafalikira dziko lonse. Aphungu anafuna kuchitira agalu chifundo, koma agalu ambiri amene ntchito inawathera anangotayidwa mumsewu. Pa nthawi yomweyo mafakitale ndi sitima zapamtunda zinabala gulu latsopano la makalaliki, eni masitolo ndi maloya, anthu okhala m'tauni okhala ndi kandalama kapadera ndi chipinda chochezeramo. Iwowa ankayang'ana zimene mfumukazi ikuchita.

Amene anawasonyeza galu woti azimukhumba ndi Edwin Landseer, katswiri wojambula amene anabadwa mu 1802. Anajambula Dash mu 1836, ndipo patapita zaka zitatu anajambula Islay, kagalu kena ka mfumukazi, katakhala pa matako, timiyendo takutsogolo tili m'mwamba, kakupempha bisiketi imene mbalame ya mtundu wa chinkhwe yagwira. Chaka chomwecho cha 1839 anajambula chithunzi chotchuka chotchedwa Dignity and Impudence: chigalu chachikulu cha nkhope yaulemu chasuzumira pakhomo la khola, pambali pake kagalu koyera kosaopa kanthu katatong'ola maso. Luso la Landseer linali lopatsa galu nkhope ya munthu, ya woweruza milandu, ya mwana wopulupudza, ya wamasiye. Akatswiri ena ankati zithunzizo n'zonyengerera mtima mopitirira, ndipo sankanama. Koma zinasindikizidwa zambirimbiri n'kupachikidwa m'nyumba za anthu wamba, ndipo m'badwo wonse unaphunzira kuyang'ana galu ngati munthu wamng'ono waubweya. Islay wopemphayo lero ali ndi chipilala chake ku Sydney, ku Australia, kunja kwa Queen Victoria Building.

Amalonda sanachedwe. Chionetsero choyamba cha agalu chinachitika ku Newcastle upon Tyne mu June 1859. Kunabwera agalu 60, onse a alenje, ndipo mphoto zake zinali mfuti. Pasanapite zaka zambiri zionetsero za ku Birmingham ndi London zinayamba kulandira tiagalu ta m'nyumba, ndipo mu 1873 bungwe la Kennel Club linakhazikitsidwa kuti lizilemba mibadwo ya agalu ndi kugamula maonekedwe oyenera mtundu uliwonse. Cha m'ma 1860 James Spratt, munthu wa ku America amene anabwera ku London kudzagulitsa zitsulo zotchinjiriza nyumba ku mphenzi, anayamba kuphika mabisiketi a agalu. Mnyamata amene anamulemba ntchito, Charles Cruft, anazindikira kuti pamene pasonkhana eni agalu ndi pamene pali msika. Mu 1891 anachititsa chionetsero chokhala ndi dzina lake ku Royal Agricultural Hall, ku Islington, ndipo mfumukazi inatumizako agalu ake. Chionetsero cha Crufts chikuchitikabe mpaka lero ku Birmingham.

Mbava nazo zinaona mwayi. Galu wokondedwa anali ndalama yoyenda ndi miyendo inayi, ndipo mu London munali magulu oba agalu n'kumauza eni ake kuti awaombole. Flush, galu wa mlakatuli Elizabeth Barrett, anabedwa katatu, ndipo katatu konse mwini wake analipira. Mu 1845 aphungu anachita kukhazikitsa lamulo lapadera lokhudza kuba agalu. Mu 1860 Mary Tealby anatsegula malo osungira agalu osochera ndi anjala ku Holloway. Nyuzipepala ya The Times inamuseka kuti akuwononga chifundo pa agalu anthu akuvutika, koma wolemba mabuku Charles Dickens anamuikira kumbuyo, ndipo mu 1871 malowo anasamukira ku Battersea kumene ali mpaka pano. Mu 1881 mlonda wa pachipata china cha Hyde Park analola banja lina kukwirira kagalu kawo, Cherry, m'dimba la kuseri kwa nyumba yake. Ena anatsatira, ndipo pofika 1903 m'kadimbako munali manda pafupifupi 300.

Mbiriyi ili ndi mbali yake yonyansa. Mu 1860 asilikali a Britain ndi France anafunkha nyumba yachifumu ya Yuanmingyuan pafupi ndi Beijing, kenaka a Britain n'kuitentha. Pakati pa katundu wolandidwa panali tiagalu ta mphuno yophwatalala timene mafumu a ku China ankaweta. Kaputeni John Hart Dunne anapereka kamodzi kwa Victoria mu 1861, ndipo kunyumba yachifumu, mopanda manyazi, anakatcha Looty, kutanthauza kuti n'kofunkha. Agalu a mtundu wa Pekingese analowa ku Britain kudzera m'njira imeneyo.

Galu wina wa nthawi imeneyi anayenda ulendo wosiyana. Pa ulendo wake womaliza, David Livingstone anali ndi kagalu ka ubweya wopotanapotana, ka mtundu wa poodle, dzina lake Chitane. Mu 1866 kanayenda naye kuchokera ku mtsinje wa Rovuma, kuzungulira kumwera kwa nyanja ya Malawi, kukwera mapiri n'kudutsa m'midzi ya Achewa kulowera ku Luangwa. Livingstone analemba m'buku lake la ulendo kuti agalu a m'midzi ankathawa akakaona, ndipo iye ankaganiza kuti chinkawaopsa n'chakuti sankatha kuzindikira kumene kuli mutu ndi kumene kuli mchira. Pa ulendo kankadzipatsa udindo wa kapitawo, kuthamangira kutsogolo kwa mzere wa amtengatenga, kubwerera kumbuyo, kuonetsetsa kuti onse alipo. Mu January 1867 kanamira powoloka dambo lalikulu la Chimbwe, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo munthu amene sankakonda kuonetsa chisoni analemba za imfayo modandaula.

Munthu amene anayamba kufunsa mwakuya chifukwa chimene agalu amachitira zimenezi ndi Charles Darwin. Kunyumba kwake ku Down House, m'chigawo cha Kent, kunali agalu nthawi zonse, ndipo buku lake la 1872, The Expression of the Emotions in Man and Animals, ladzaza ndi zochita zawo. Anaona kuti galu asanagone pa kapeti amazungulirazungulira n'kumapalasa pansi, ngati akupondereza udzu ndi kukumba kadzenje, ndipo anati ndi chizolowezi cha makolo ake a kutchire chimene chinatsalira ngakhale udzu palibe. M'buku lina anafotokoza masewera amene aliyense woweta galu amawadziwa. Munthu aponya kamtengo, galu akatola, apita nako pataliko n'kukagona nako patsogolo pake. Adikira mwini wake afike pafupi, dzanja litatambasuka kale, ndiye akatsomphola n'kuthawa. Darwin anati apa galu akuchita nthabwala ndipo akudziwa.

Nkhani yokoma kwambiri ndi ya Bob, chigalu chakuda ndi choyera. Bob ankakonda kuperekeza Darwin kokayenda, ndipo ankatsogola mutu uli m'mwamba, makutu ali tcheru, mchira uli njo. Koma pafupi ndi nyumba panali kanjira kopatukira ku nyumba yagalasi imene Darwin ankayeseramo zomera zake, ndipo akalowa m'menemo Bob sankadziwa ngati ulendo upitirira. Darwin akangokhotetsa thupi pang'ono kulowera ku kanjirako, Bob ankasinthiratu nthawi yomweyo. Mutu pansi, makutu lende, mchira gwa, thupi lonse lofooka, maso ozilala. Banja lonse linkaidziwa nkhope imeneyi ndipo linaipatsa dzina la nyumba yagalasiyo. Darwin anaona kuti Bob sankachita dala pofuna kumufewetsa mtima kuti asiye zomera n'kupitiriza ulendo.

Polly, kagalu koyera kamene kanali ka mwana wake Henrietta, kanali kochenjera koposa. Francis, mwana wa Darwin, anakumbukira kuti nthawi ya chakudya ikayandikira Polly ankayamba kunjenjemera ndi kuoneka wozunzika bambo ake akamadutsa, ngati akudziwa kuti mkuluyo anena kuti kagalu kafa ndi njala. Darwin anakaphunzitsa kudikira bisiketi ili pamphuno kenaka n'kuiwakha.

Asayansi a masiku ano abwerera ku mafunso omwewa, ndipo zimene apeza zikuchepetsa ulemu wa eni agalu. Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York anayesa agalu 14. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kachakudya kenakake, n'kutuluka m'chipinda. Pobwera ankauzidwa kuti galu wadya kapena sanadye, koma nthawi zina ankanamizidwa. Nkhope ija ya wolakwa, ya maso ozemba ndi makutu ogwa, inkaoneka galu akamakalipiridwa, kaya anadya kaya sanadye. Osalakwa amene anakalipiridwa ndiwo ankaoneka olakwa kwambiri. Galu amawerenga nkhope ya mwini wake n'kupepesa mlandu usanazengedwe.

Za maso omvetsa chisoni aja, gulu la Juliane Kaminski wa ku yunivesite ya Portsmouth linalengeza mu 2019 kuti agalu ali ndi kamnofu kokweza nsidze chakumphuno, kamene mwa mimbulu, makolo awo, kamapezeka kochepa kwambiri. Kamnofuka kakakoka, diso limaoneka lalikulu ngati la khanda. Kafukufuku wina wa mu 2013 anapeza kuti m'malo osungira agalu osowa eni, agalu okweza nsidze kawirikawiri ankapeza owatenga msanga. Zikuoneka kuti kwa zaka zikwizikwi anthu akhala akupatsa chakudya ndi malo galu amene wawayang'ana mowagwira mtima, osadziwa kuti akusankha mbewu.

Angelezi a nthawi ya Victoria anachita kusankhako mwadala ndi mofulumira, ndipo apa ndi pamene chikondi chinapweteka okondedwawo. Oweruza a zionetsero ankapereka mphoto kwa galu wa nkhope yophwatalala ndi maso aakulu, oweta n'kumawonjezera. Galu wa mtundu wa pug amene katswiri wojambula William Hogarth anadzijambula naye mu 1745 ali ndi mphuno yooneka ndi miyendo yaitali, wosiyana kutali ndi pug wa lero amene amapuma mofwenthera, kaphokoso kamene eni ake ambiri amakayesa koseketsa pamene galuyo akubanika. Mtundu wa Dash unasintha kwambiri moti mu 1926 Roswell Eldridge wa ku America analonjeza mphoto ya mapaundi 25 ku Crufts kwa aliyense wobweretsa spaniel wa mphuno yaitali ngati a m'zithunzi zakale. Mu 2008 BBC inaonetsa pulogalamu yoululira matenda obwera chifukwa cha kaweteredwe kotere, ndipo inasiya kuulutsa Crufts.

Galu amene anapindulitsa amalonda kuposa onse analibe mtundu wodziwika ndipo sanapiteko ku chionetsero chilichonse. Nipper anabadwa ku Bristol mu 1884, ndipo ankadziwika ndi kuluma alendo kumbuyo kwa miyendo. Mwini wake, Mark Barraud, wojambula makatani a m'nyumba ya zisudzo, anamwalira mu 1887, galuyo n'kutsala m'manja mwa abale ake. Mmodzi wa iwo, Francis, nayenso wojambula, anali ndi makina olankhula a mtundu wakale, ndipo ankaona Nipper akukhala patsogolo pa lipenga la makinawo, mutu uli chopendekera, kudabwa kumene mawu akuchokera. Nipper anafa mu 1895. Patapita zaka zitatu Francis anajambula chithunzicho kuchokera m'mutu.

Poyamba palibe anachifuna. Kampani ya Edison-Bell, yopanga makina amene anali pachithunzipo, inachikana. Mu 1899 Francis anapita ku ofesi ya Gramophone Company pa Maiden Lane ku London kukabwereka lipenga lamkuwa lowala, kuti chithunzi chioneke bwino. Bwana wa pamenepo, William Barry Owen, anati achigula ngati Francis afute makina a opikisana nawo n'kujambulapo galamafoni. Anamulipira mapaundi 100, theka la chithunzi, theka la umwini wake. Chithunzicho, chotchedwa His Master's Voice, chinakhala chizindikiro cha Victor ndi RCA ku America, JVC ku Japan, ndi masitolo a HMV, amene yoyamba inatsegulidwa pa Oxford Street mu 1921 ndi wopeka nyimbo Edward Elgar. Kulikonse kumene galamafoni yopukusa ndi dzanja inafika, ku India, ku Africa, ku South America, kagalu kopendeketsa mutu kanafikanso, kakuzungulira pakati pa mbale. Kumene anakwirira Nipper ku Kingston upon Thames kenaka kunadzakhala banki, ndipo kanjira kena kapafupi anakatcha Nipper Alley mu 2010.

Chimene galu amapendeketsera mutu chinafufuzidwa mochedwa. Mu 2021 Andrea Sommese ndi anzake a ku yunivesite ya Eötvös Loránd ku Budapest anayesa agalu 40 powauza kuti akatenge chidole chotchulidwa dzina. Agalu 33 sanathe kugwira mayina a zidole, ndipo ankapendeketsa mutu kawiri kokha pa maulendo 100 alionse. Asanu ndi awiri otsalawo, onse a mtundu woweta nkhosa wa border collie, ankadziwa mayina ambiri, ndipo iwowa ankapendeketsa mutu maulendo 43 pa 100 akamva dzina la chidole. Ofufuzawo anaganiza kuti galu amatero pamene akulumikiza mawu amene wamva ndi chinthu chimene akuchikumbukira. Anaonanso kuti mbali imene mwini galu waima sinkasintha kanthu. Galu aliyense anali ndi mbali yakeyake, wina kumanja wina kumanzere, ndipo ankapendekera komweko mwezi ndi mwezi.